Mafuta Oyenera Moto Waukulu

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku Mzimba, ndipo mutu wake ndi mafuta ophikira. Sikuti ikamba za mafuta onse ayi, koma okhawo amene amakumana ndi moto waukulu: okazingira tchipisi, mandasi, zitumbuŵa ndi nyama pachiŵaya, ndiponso othira m'poto wotentha pamene mayi afuna kuti repu kapena kabichi apse msanga asanafote. Zitsanzo zatengedwa ku Mzimba, komabe womvera wa ku Nsanje, wa ku Mchinji kapena wa ku Chitipa adzazizindikira, pakuti chiŵaya n'chimodzi dziko lonse lino.

Woyenda pa mseu wa M1 kuchokera ku Kasungu kulinga ku Mzuzu amapadziŵa pa Jenda. Pamenepo pali milu ya matimati, anyezi ndi mbatatesi zolimidwa kumwera kwa boma la Mzimba, ndipo pafupi ndi miluyo pali ziŵaya zimene moto wake suzima kuyambira m'maŵa kufikira usiku. Zoterezi zimaonekanso pa Mzimba pa boma, pa Embangweni, pa Edingeni ndi m'misika ina ya m'derali. Wokazinga aliyense amagula mafuta kaŵirikaŵiri, ndipo mafutawo amadya gawo losachepa la mpamba wake. N'chifukwa chake funso lake loyamba limakhala la mtengo. Funso lachiŵiri, lakuti kodi mafutawo apirira moto nthaŵi yaitali bwanji, silifunsidwa, chikhalirecho ndilo limene limagamula ngati otchipa aja ali otchipadi.

Kusafunsa kumeneku sikodabwitsa, popeza kumiza chakudya m'mafuta ndi luso la dzulodzuloli. Agogo a ku Mzimba ankakometsa dende, monga zimatchulidwira ndiwo m'Chitumbuka, ndi skaŵa zosinja, zimene m'Chicheŵa ndi nsinjiro. Angoni, poti ndi oŵeta ng'ombe, ankapeza mafuta pa nyama ndi pa mkaka, koma nyamayo ankaiotcha kapena kuiphika. Nsatsi ankaziyenga ndithu, koma mafuta ake anali odzola. Wowadya amatsekula m'mimba. Mafuta a m'sitolo atafika, ndi maina monga Covo ndi Kazinga amene achikulire akuwakumbukirabe, m'nyumba zambiri ankathiridwa mwa kadontho, pa Khirisimasi kapena pakabwera mlendo wolemekezeka. Tsono mtsikana wa lero angathe kuphunzira kwa agogo ake kutendera nkhwani, koma za khalidwe la mafuta pa moto waukulu agogowo alibe mwambo woti am'siyire.

Kuti nkhani imveke, poyambira pake ndi kutentha. Madzi amaŵira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere. Ku Mzimba, kumene kuli kokwera mamita oposa 1,300, amaŵira pa madigiri 95 kapena 96, ndipo ngakhale wina asonkhezere nkhuni chotani, madziwo sapitirira pamenepo. Mafuta ali ndi khalidwe lina: moto ukamakula, iwo amangotentherabe osaima. Kubwadamuka kumene kumaoneka mbatatesi zikaponyedwa m'chiŵaya si kuŵira kwa mafuta, koma ndi madzi a m'mbatatesimo akuthaŵa ngati nthunzi. Kutentha koyenera tchipisi ndi mandasi kuli pakati pa madigiri 170 ndi 180. Mafuta akachepa moto, chakudya chimawamwa, mandasi amatuluka olemera ndi onona mopitirira, ndipo phindu la wogulitsa limapita m'mimba mwa ogula. Akachuluka moto, amayamba kufuka utsi wopyapyala wotuŵa. Utsi umenewo ndi mboni yakuti mafuta ayamba kuonongeka. Mwa zotuluka mu utsiwo muli chinthu chimene akatswiri amachitcha acrolein, ndipo ndicho chimalasa m'maso ndi kukereketa pakhosi. Kutentha kukapyola madigiri 300, mafuta amakhala pafupi kugwira moto.

M'makhitchini ambiri muli chizoloŵezi chodikira kuti mafuta afuke utsi asanaponyemo anyezi. Ophika amati mafuta ayambe apsa kuti fungo lauŵisi lichoke. Chizoloŵezichi chinali ndi chifukwa chake pamene mafuta anali osayeretsa, onunkha mbeu imene anachokerako. Pa mafuta a ku fakitale chilibe ntchito, ndipo chimangoononga. Mu 2006 akatswiri a bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, anasonkhana ku Lyon m'dziko la France, naika utsi wa kukazinga pa moto waukulu m'gulu la zinthu zimene n'kutheka ndithu kuti zimayambitsa khansa. Umboni wambiri unachokera ku China, kumene amayi osasuta fodya, okazinga tsiku ndi tsiku m'makhitchini osapita mphepo, ankapezeka ndi khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Mnyamata wa pachiŵaya cha panja mphepo imam'thandizako. Amene ali pa vuto lalikulu ndi mayi wokazinga mandasi m'bandakucha, m'kakhitchini kotseka chifukwa cha chisanu cha ku Mzimba, utsi wa mafuta utasakanikirana ndi utsi wa nkhuni, mwana ali kumbuyo.

Choncho chinthu choyamba choyang'ana posankha mafuta ndi ichi: kodi amafuka utsi msanga kapena mochedwa? Pa mfundo imeneyi mafuta ali m'magulu aŵiri, ndipo chowasiyanitsa si mbeu koma kayengedwe. Pali mafuta ongofinya, ndipo pali oyeretsedwa ku fakitale.

Mafuta ongofinya ndi odziŵika bwino kumene alimi amalima mpendadzuŵa, monga ku Mzimba, ku Kasungu, ndi tsidya la malire ku Lundazi ndi madera ena a kum'maŵa kwa Zambia. Makina ofinyira mbeu ndi manja, amene Carl Bielenberg anapanga ku Tanzania mu 1985, anafalikira m'maiko angapo a kuno, ndipo lero m'malo ambiri a malonda muli makina a injini ndi a magetsi. Mafuta otuluka m'menemo ndi achikasu chozama, a fungo la mpendadzuŵa, ndipo ali ndi ubwino wosakanika: ndalama imatsala kumudzi, ndipo zotsalira pofinya zimanenepetsa nkhuku ndi nkhumba. Koma m'mafutamo mumatsala tizidutswa ta mbeu, utomoni wake ndi kamadzi pang'ono. Zimenezi ndizo zimayamba kupserera, kotero kuti mafuta otere amafuka utsi ndi kuchita thovu asanafike n'komwe pa kutentha koyenera tchipisi. Ku fakitale mafuta amasambitsidwa ndi soda, amasefedwa m'dothi lapadera, kenaka amapyozedwa ndi nthunzi yotentha kwambiri. Amatuluka oyera, opanda fungo, ndipo a mpendadzuŵa, a soya kapena a mtedza oyeretsedwa chotero safuka utsi kufikira pafupi madigiri 230. Pa botolo lawo pamalembedwa mau a Chingerezi akuti refined.

Mafuta ongofinya asanyozedwe pa chifukwa chimenechi. Angopatsidwa ntchito yowayenera. M'ndiwo za matimati, m'nyemba, m'usipa wa msuzi, madzi amaletsa kutentha kupitirira madigiri 100, ndipo mafutawo amakometsa popanda vuto. Akasiyidwa m'chigubu masiku angapo kuti nsenga zikhale pansi, kenaka n'kusefedwa pa nsalu yoyera, angathenso kukazingira dzira kapena anyezi pa moto wofatsa. Chimene sayenera ndi chiŵaya cha tsiku lathunthu.

Mtedza uyenera mau akeake. Pafupifupi theka la kulemera kwa njere zake ndi mafuta, pamene soya amapereka gawo limodzi lokha mwa magawo asanu. Mtundu wa CG7, umene unatulutsidwa kwa alimi a m'Malaŵi mu 1990, uli ndi mafuta ambiri, ndipo mafuta a mtedza ndi amodzi mwa opirira moto kwambiri pakati pa mafuta a mbeu. Ophika a kumwera kwa China, amene luso lawo ndi kutembenuza ndiwo mofulumira m'chiŵaya chozama pa moto wolusa, amawakonda kwambiri. Koma mtedza uli ndi mdani wake, ndiye chuku. Mtedza wouma mosakwanira, kapena wonyowetsedwa kuti usendeke msanga, umamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiŵindi. Moto wa kukhitchini suthetsa poizoni ameneyu. Kuyeretsa kwa ku fakitale kumam'chotsa pafupifupi yense, koma m'mafuta ongofinya angathe kutsalamo. Tsono mlimi amene amasankha mtedza wabwino kuti agulitse, wofota ndi wakuda n'kupita nawo kokafinyitsa, akusungira banja lake choipa chimene wakana kupatsa wogula.

Chinthu chachiŵiri choyang'ana n'chobisika, ndipo chisanu cha ku Mzimba ndicho chimachiulula. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo, mabotolo ena a mafuta amadzuka m'maŵa atachita mbuu, mwina ataundana pansi ngati phala. Ogula ambiri amawakana, poganiza kuti aonongeka kapena asakanizidwa ndi zina. Kaŵirikaŵiri sizikhala choncho. Amenewo amakhala mafuta ochokera ku zipatso za mtengo wa mtundu wa kanjedza, mtengo womwewo umene anthu a ku Karonga amayengako mafuta ofiira otchedwa mawese. Ambiri mwa mafuta ameneŵa pa dziko lapansi amachokera ku Indonesia ndi ku Malaysia, ndipo pa botolo amalembedwa kuti palm olein. Akaikidwa m'madzi ofunda amasungunuka n'kuyera monga kale.

Chodabwitsa n'chakuti mafuta amene ogula amawakanawo ndiwo olimba kwambiri pachiŵaya. Mafuta akakhala oundana msanga pa chisanu, amakhala opirira moto ndi mpweya. Akakhala osaundana konse, amatopa msanga. A mpendadzuŵa ndi a soya saundana ngakhale mu Julayi, ndipo ngakhale safuka utsi msanga pamene ali atsopano, sapirira kutenthetsedwa maola ambiri kapena mobwerezabwereza. A soya akatopa amanunkha ngati nsomba kapena penti. A mpendadzuŵa amasiya utomoni womata m'mbali mwa chiŵaya, umene sopo sauchotsa. A mtedza ali pakati, koma apendekera ku mbali ya olimba. N'chifukwa chake mafakitale a zokazinga m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito palm olein.

Komabe kulimba kumeneku kuli ndi mtengo wake m'thupi. Mafuta oundana msanga, akamadyedwa kwambiri, amachulukitsa m'magazi mafuta aja amene amatseka mitsempha ndi kudzetsa matenda a mtima. Madokotala amalangiza kuti m'chakudya cha tsiku ndi tsiku muchuluke mafuta osaundana, monga a mpendadzuŵa, a soya ndi a mtedza. Apa ndiye pamene banja ndi wamalonda ayenera kusiyana njira. Mayi wokazinga ndiwo za banja lake amathira masipuni aŵiri kapena atatu, mafutawo amakhala pa moto mphindi zoŵerengeka ndipo amadyedwa onse. Iyeyo a mpendadzuŵa kapena a soya oyeretsedwa amam'kwanira, ndipo ndiwo abwino ku mtima. Wokazinga wa pa Jenda, amene malita ake angapo amakhala pa moto kuyambira m'maŵa mpaka basi yomaliza itadutsa, angachite bwino kugula palm olein kapena a mtedza oyeretsedwa, chifukwa mafuta a mpendadzuŵa otopa ndi oipa kuposa mafuta olimba atsopano.

Mafuta a nyama, monga a ng'ombe ndi a nkhumba, ali m'gulu la olimba, ndipo amene amakazinga nyama m'mafuta ake omwe salakwa pa nkhani ya moto, malinga achotse tizidutswa topserera. Majarini ndi batala si za moto waukulu: zili ndi madzi, zimathetheka ndi kupserera msanga. Mawese ofiira ali ndi chakudya chimene thupi limachisandutsa vitamini A, koma moto waukulu umachiononga, kotero kuti kuwatenthetsa mpaka kufiira kutachoka ndi kutaya chuma chake.

Zonsezi zikanakhala zapafupi mtengo wa mafuta ukanakhala wodekha. Mafakitale a m'Malaŵi amadalira kwambiri mafuta osayeretsa ogula kunja, motero chivomezi cha kutali chimafika pa msika wa Mzimba. Mu 2020 boma linaika msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti pa mafuta ophikira, ndipo linauchotsa mu 2022. M'Febuluwale wa chaka chomwecho cha 2022 inabuka nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko aŵiri amene ankatsogola pogulitsa kunja mafuta a mpendadzuŵa. Kumapeto kwa Epulo dziko la Indonesia linaletsa kwa masabata angapo kutumiza kunja mafuta ake. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta akakwera mtengo chotere, anthu amachita ziŵiri: amagula oyeza pang'onopang'ono, ndipo amene ali m'chiŵaya amawagwiritsa ntchito kufikira atada bii.

Mafuta oyeza, a m'timapepala ta pulasitiki ndi m'mabotolo akale a zakumwa, ndiwo amene osauka angakwanitse, ndipo palibe chifukwa chowadzudzulira. Vuto lake n'lakuti alibe dzina, alibe tsiku lothera ntchito, ndipo amakhala pa benchi padzuŵa tsiku lonse. Kuŵala kwa dzuŵa kumakalambitsa mafuta asanaone moto, ndipo kumaononga vitamini A amene malamulo a dziko lino amafuna kuti mafakitale athire m'mafuta ophikira pofuna kuteteza maso ndi thanzi la ana. Wogula oyeza asankhe kwa wogulitsa amene amasunga chigubu chake pamthunzi chili chotseka, ndipo amalola kuti chigubucho chionedwe, pamodzi ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lakhala likuyesa katundu kuyambira pamene linakhazikitsidwa mu 1972. Awanunkhizenso: mafuta abwino oyeretsedwa alibe fungo. Mbiri yakhala ikumveka m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nalo yakuti akuba amakhetsa mafuta a m'mathiransifoma a magetsi n'kuwagulitsa kwa okazinga. Mafuta amenewo ndi a m'gulu la oilo wa galimoto, si chakudya, ndipo akalekale ena ali ndi mankhwala oopsa. Mafuta osadziŵika kochokera, otchipa modabwitsa, osada ngakhale atakhala pa moto masiku ambiri, ndi oyenera kuwakayikira.

Nanga mafuta otopa amadziŵika bwanji? Amada, amalemera ndi kunanda, amachita thovu losaphwa msanga chakudya chikaponyedwamo, ndipo amafuka utsi pa moto umene dzulo lake sunawafukitse, pakuti mafuta akatenthetsedwa kamodzi, ulendo wotsatira amafuka msanga kuposa poyamba. Mbatatesi zokazingidwamo zimada kunja zisanapse m'kati, ndipo zimasiya kuŵaŵa pa lilime. Maiko ena a ku Ulaya, monga France ndi Germany, anaika malire akuti mafuta a m'malo odyera atayidwe pamene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi laonongeka, ndipo oyendera amayesa ndi zipangizo. Pa Jenda chipangizo chake ndi maso ndi mphuno. Okazinga ambiri satsanula konse chiŵaya. Amangoonjezera atsopano pamwamba pa akale. Kuonjezera kumathandiza masana, mafuta akadali bwino, koma kuthira lita yatsopano m'mafuta akuda ndi kuiononga, chifukwa zoola za m'akalewo zimafulumizitsa kuonongeka kwa atsopano.

Kasamalidwe kamatalikitsa moyo wa mafuta kuposa dzina la pa botolo. Adani ake ndi madzi, mchere, zinyenyeswa, mpweya ndi moto wopanda ntchito. Mbatatesi zikasendedwa ndi kutsukidwa zikhetsedwe madzi, ngati n'kotheka zipukutidwe. Mchere uthiridwe m'mbale, osati pamwamba pa chiŵaya. Zinyenyeswa zivuulidwe zisanade, makamaka ufa wogwa ku mandasi ndi zitumbuŵa. Pamene ogula palibe, nkhuni zikokedwe. Mafuta opanda chakudya m'kati amatentha mofulumira, ndipo ambiri amaonongeka pa nthaŵi imene mwini wake akucheza akudikira basi. Madzulo akazizira asefedwe pa nsalu, asungidwe m'chotengera chotseka pamalo a mdima. Chiŵaya cha dzimbiri chimakalambitsa mafuta, ndipo zipande za mkuwa zimaposa apo. Nsomba ikhale ndi mafuta akeake.

Wopanda choyesera kutentha asadikire utsi. Aviike nsonga ya mthiko wouma m'mafutamo: pakatuluka timathovu tating'ono mozungulira mthikowo, mafuta akonzeka. Kapena aponyemo kachidutswa ka mtanda wa mandasi: kakamira n'kukhala pansi, moto wachepa, kakamira pang'ono n'kuyandama msanga kali ndi thovu, ndi pamenepo, kakada nthaŵi yomweyo, moto wachuluka. Pokazinga ndiwo zamasamba mofulumira, zonse zikhale zoduliratu, poto atenthe poyamba, mafuta athiridwe pambuyo, ndipo anyezi atsatire pompo mafuta akangoyamba kunyezimira. Masamba aikidwe pang'onopang'ono, chifukwa akadzaza poto amatulutsa madzi, ndipo kukazinga kumasanduka kuŵiritsa.

Mafuta amene atha ntchito asagulitsidwe kwa ena ophikira ndiwo, monga zimachitikira nthaŵi zina. Angathe kukolezera moto pang'onopang'ono, kapena kupita kwa amene amadziŵa kupanga sopo.

Otsala ndi mau a ngozi. Mafuta akagwira moto, madzi asayandikire. Madzi ogwera m'mafuta oyaka amamira, n'kusanduka nthunzi yochuluka koposa ka 1,000 kuyerekeza ndi madziwo, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka kumaso kwa wothirayo ndi ku denga la udzu. Chofunika ndi kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo kapena lata, kukoka nkhuni, ndi kusiya chiŵaya pomwepo kufikira chitazizira. Wochinyamula kuti athamangire nacho panja ndiye amene amapsa kwambiri. Munthu akapsa ndi mafuta, malo opsawo athiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ena, kenaka aphimbidwe ndi nsalu yoyera. Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena likakhala kumaso, m'manja kapena pa mwana, apite naye msanga kuchipatala. Kwa a m'dera limeneli, chipatala cha boma cha Mzimba ndi cha mishoni cha Embangweni ndizo zazikulu zapafupi.